Khonsolo Isathamangire Kugulira Nyumba za Kumidzi Mabini a Matayala

Ku America, khonsolo ya boma, imene kumeneko amaitcha County, ikapeza ndalama zothandizira pa nkhani ya zinyalala, chinthu choyamba kubwera m'maganizo mwa makhansala ndi mabini. Ndikunena mabini aja a pulasitiki, a matayala awiri ndi chivindikiro, amene abale athu okhala ku Britain ndi ku America amawakankhira m'mbali mwa msewu madzulo kuti galimoto idzawakhuthule m'mawa. Ena ndi a zinyalala wamba zopita kumtaya. Ena, amene nthawi zambiri amakhala a buluu, ndi oikamo zinthu zoti zikakonzedwenso ku fakitale: makatoni, mapepala, zitini ndi mabotolo. M'matauni dongosolo limeneli lidazika kale mizu. Mkangano uli pa nyumba za kumidzi, kumene kuchoka pakhomo lina kufika pa linzake ndi theka la kilomita kapena kuposa, ndipo fakitale yosankha zinthuzi ili kutali.

Ine ndikuti khonsolo yotere isayambire pa mabini. Bini ikhale chinthu chomaliza kugula, ndipo ipite ku nyumba zokhazo zimene galimoto ingazifikire popanda kumwaza ndalama za msonkho. Nyumba zina zonse zikufunika njira ina, yotsika mtengo komanso yotulutsa katundu waukhondo.

Chimene chimakopa makhansala ndi chomveka. Bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, lidawerengera kuti mu 2018 zinyalala 32 zokha pa 100 zilizonse ndizo zidakonzedwanso kapena kusandutsidwa manyowa, ndipo mu 2020 lidaika cholinga choti pofika 2030 chiwerengerochi chifike pa 50. Lamulo la zomangamanga la 2021 lidapatula madola 275 miliyoni othandizira mizinda, maboma ndi mafuko a eni nthaka kugula zida za ntchitoyi. Bungwe lomwe si la boma la The Recycling Partnership nalonso limathandiza makhonsolo kugula mabini. Ndalama zikapezeka chonchi, bini ndiyo imaoneka ndi maso: imafika pakhomo la wovota aliyense ili ndi chizindikiro cha khonsolo.

Ndipo bini payokha ndi chida chabwino, zimenezo sindikutsutsa. Yaikulu imalowa malita pafupifupi 360, kutsala pang'ono kukwana madiramu awiri a malita 200, pamene timabeseni takale tosavindikira tinkalowa malita osakwana 70. Chivindikiro chimateteza mapepala ku mvula, ndipo pepala lonyowa palibe fakitale imene imalifuna. Galimoto yamakono ili ndi dzanja la chitsulo limene limagwira bini, kuikweza, kuikhuthula ndi kuibwezera pansi dalaivala asadatuluke. Zimenezi zimapulumutsa misana ndi miyoyo, pakuti kunyamula zinyalala ndi imodzi mwa ntchito zimene zimaphetsa antchito kwambiri ku America, makamaka pa ngozi za magalimoto pa msewu. Matauni amene adachoka pa timabeseni n'kuyamba mabini amatolera katundu wochuluka kuposa kale.

Koma tiyeni tiwerengere ndalama. Bini imodzi, pogula zambiri nthawi imodzi, imakhala pa madola pakati pa 50 ndi 70, ndipo opanga ambiri amalonjeza kuti itha zaka 10. Tiyerekeze khonsolo ya nyumba 5,000 yagula mabini pa madola 60 iliyonse. Ndi madola 300,000, ndalama yooneka yambiri pa tsiku la msonkhano, koma tikaigawa pa zaka 10 ndi madola 6 okha pa nyumba pa chaka. Galimoto imodzi ya dzanja ija ndi yoposa madola 300,000, ndipo imafuna dalaivala wa laisensi ya magalimoto akuluakulu, makaniko, matayala, inshuwalansi ndi galimoto ina yodikirira tsiku limene yawonongeka. Chifukwa cha kulemera ndi kuimaima, imamwa pafupifupi lita imodzi ya dizilo pa kilomita iliyonse. Thandizo la ndalama lochokera ku boma lalikulu ndi la nthawi yochepa. Dalaivala ndi dizilo zimatsalira khonsolo chaka ndi chaka.

M'tauni, kumene nyumba zili mondondozana, galimoto imodzi imakhuthula mabini 800 kapena 1,000 pa tsiku. Kumudzi masamu ake ndi ena. Tiyerekezebe kuti nyumba zatalikirana mamita 500 ndipo dalaivala wafikira nyumba 300 pa tsiku: wayenda makilomita 150, osawerengera ulendo wopita ndi wobwerera. Nanga wanyamula zochuluka bwanji? The Recycling Partnership idapeza kuti banja la ku America limatulutsa pafupifupi makilogalamu 350 a zinthu zoti zingakonzedwenso pa chaka, koma zimene zimatoledwadi m'mbali mwa msewu ndi pafupifupi theka lake. Galimoto ikamabwera kamodzi pa sabata ziwiri, ndiye kuti pakhomo lililonse ipezapo makilogalamu 6 kapena 7. Nyumba 300 zipereka matani awiri. Malita 150 a dizilo ndi tsiku lathunthu la dalaivala zapita pa matani awiri a makatoni ndi zitini, asadapite n'komwe ku fakitale. Ndipo si nyumba zonse zimatulutsa bini ulendo uliwonse. Galimoto imadutsabe pakhomopo kaya bini ili panja kaya ayi.

Palinso zovuta za msewu zimene sizioneka pa mapu a mu ofesi. Nyumba zambiri za kumidzi ku America zili mkati mwa munda, mamita mazana angapo kuchoka ku msewu wa boma. Bini yopanda kanthu imalemera makilogalamu pafupifupi 17, ndipo timatayala take tidapangidwira simenti, osati matope, miyala kapena chipale chofewa. Agogo a zaka 75 sangaikoke mtunda wonsewo, choncho imangosiyidwa ku msewu, kumene mphepo imaigwetsa, magalimoto okankha chipale amaiphwanya, ndipo m'madera ena zimbalangondo zimaigudubuza. Dzanja la galimoto limafuna malo athyathyathya ndi mpata wa mita imodzi mbali zonse, pomwe misewu yambiri ya kumidzi ili ndi ngalande m'mphepete. Misewu ina ndi ya eni ake, ndipo kampani ya inshuwalansi silola chigalimoto cholemera kulowamo. Milatho ina yaing'ono ili ndi malire a kulemera.

Vuto lalikulu koposa, limene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, ndi la zosafunika zimene zimalowa m'bini. Kuti limveke, tione zimene zimachitika ku fakitale yosankha. Galimoto imakhuthula katundu yense pansi, katapila n'kumukankhira pa lamba woyenda. Poyamba pali anthu oima m'mbali mwa lamba, ochotsa ndi manja zinthu zoopsa ndi zikuluzikulu. Kenako katundu amadutsa pa zitsulo zozungulira zokhala ndi mano, zimene zimakweza makatoni pamwamba, zing'onozing'ono n'kugwera pansi. Magalasi amaphwanyidwa n'kusefedwa. Maginito amakoka zitini zachitsulo. Makina ena a maginito ozungulira mothamanga amakankhira zitini za aluminiyamu kumbali. Makina oona ndi kuwala amazindikira mtundu wa pulasitiki n'kuuuzira ndi mpweya kuti ugwere m'chipinda chake. Pomaliza chilichonse chimapanikizidwa m'mabelo omangidwa ndi waya.

Makina onsewa amalephera akakumana ndi majumbo, mapaipi a mphira othirira madzi, zingwe, matcheni ndi zovala. Zimenezi zimakulungana pa zitsulo zozungulira zija mpaka fakitale yonse iime, antchito akwere ndi mipeni kukadula. Matewera ndi zakudya zotsala zimaipitsa mapepala. Botolo la galasi likaphwanyika m'galimoto popanikiza, tizidutswa take timalowa m'makatoni n'kutsitsa mtengo wa belo. Choopsa kwambiri ndi mabatire a lithium a m'mafoni, m'zida zamagetsi ndi m'ndudu zamagetsi: akaphwanyidwa amayaka pakati pa mulu wa mapepala. EPA idawerengera moto 245 wotere m'malo 64 osamalira zinyalala pakati pa 2013 ndi 2020. Lipoti la The Recycling Partnership la 2020 lidati pa katundu wofika ku mafakitalewa, pafupifupi 17 pa 100 aliyense ndi zosafunika. Zosafunikazo khonsolo imazilipirira kawiri: kuzinyamula kupita ku fakitale, kenako kuzichotsa kupita kumtaya.

Kumidzi vutoli lili ndi chifukwa chake chapadera. M'madera ambiri a kumidzi ku America khonsolo sitolera zinyalala wamba. Banja limalipira lokha kampani mwezi ndi mwezi, kapena limanyamula pa galimoto yake kupita kumalo otayira, kapena limawotcha m'diramu kuseri kwa nyumba. Tsono m'dera lotere khonsolo ibweretse bini yaikulu, yovindikira, yokhuthulidwa mwaulere. Munthu amene akuvutika kupeza ndalama ya kampani ya zinyalala aona kuti mavuto ake atha, ndipo sindingamudzudzule kwambiri. Chivindikiro chija chimene chimateteza mapepala ndi chomwenso chimabisa thumba la zinyalala za kukhitchini. Dalaivala ali m'kati mwa galimoto, saona kanthu mpaka zagwera kale m'mimba mwa galimotoyo.

Matauni amalimbana ndi zimenezi potumiza anthu oyenda pansi patsogolo pa galimoto. Amatsegula bini iliyonse, ndipo akapeza zolakwika amamangirira kapepala kofotokoza cholakwikacho. Zikabwerezedwa, bini imasiyidwa osakhuthulidwa. Njirayi imagwira ntchito chifukwa munthu mmodzi amayendera nyumba mazana angapo m'mawa umodzi. Kumene nyumba zatalikirana theka la kilomita, woyenderayo afunika galimoto yakeyake ndi mafuta ake. Makamera oikidwa pa galimoto amathandiza, koma amaona cholakwika chitalowa kale.

Ena anganene kuti katunduyo akagulitsidwa abweza ndalama. Chiyembekezo chimenechi chidaphwanyika mu 2018. Dziko la China, limene linkagula zinyalala zambiri za mapepala ndi pulasitiki za ku America, lidalengeza mu July 2017 kuti liletsa mitundu 24 ya zinyalala, ndipo mu 2018 lidayamba kukana mabelo okhala ndi zosafunika zoposa theka la gawo limodzi pa 100. Mafakitale ambiri a katundu wosakanikirana sakadatha kufika pamenepo. Mtengo wa mapepala osakanikirana udagwa mpaka kufika poti wogulitsa ndiye ankalipira kuti amutengere. Ngakhale mzinda waukulu ngati Philadelphia kwa kanthawi unkatumiza pafupifupi theka la zimene anthu adasankha kukawotchedwa ku tauni yoyandikana nawo ya Chester. Kuyambira pamenepo mafakitale ambiri osankha amalipiritsa makhonsolo pa tani iliyonse, n'kumagawana nawo phindu pokhapokha mitengo ikakwera. Khonsolo yaing'ono ya matani ochepa, yokhala kutali, ilibe mphamvu pokambirana mtengo. Pa katundu yense wa m'bini, aluminiyamu ndiye wa mtengo wapamwamba ngakhale ndi wochepa, makatoni ndi mabotolo a pulasitiki a mtundu wa PET (a madzi ndi zakumwa) ndi HDPE (a mkaka ndi sopo wamadzi) amagulika, koma galasi ndi lolemera ndipo kawirikawiri mtengo wake subweza ndalama yolinyamulira kutali.

Pano pali mfundo imene ife a ku Malawi timaidziwa bwino: chinthu chokhala ndi wogula sichigona pansi. Zitsulo zakutha ndi aluminiyamu zimatoledwa m'makwalala a Lilongwe ndi Blantyre popanda khonsolo kugawa bini ngakhale imodzi. Ku Michigan, chimodzi mwa zigawo za America, n'chimodzimodzi: lamulo limene anthu adalivotera mu 1976 lidaika chikole cha masenti 10 pa chitini kapena botolo la zakumwa za gasi ndi mowa, ndipo anthu amabweza okha ku sitolo. Khonsolo ya m'dera la chikole izindikire kuti zitini zambiri za mtengo wapamwamba zija sizidzafika n'komwe m'bini yake.

Ku Michigan komweko kuli chitsanzo chimene ndimachiona cholondola. Emmet County ili kumpoto, likulu lake ndi Petoskey, ndipo ili ndi anthu pafupifupi 34,000. Idayamba ntchitoyi mu 1990 ndi malo osonkhanitsira kumene anthu amabweretsa okha katundu. Ili ndi fakitale yakeyake yosankha, imene imalandiranso katundu wa maboma oyandikana nawo kuti matani achuluke. Sidalole kusakaniza zonse pamodzi: mapepala ndi makatoni amayenda paokha, zitini ndi mabotolo paokha, ndiye chifukwa chake mabelo ake amakhala aukhondo ndipo amagulidwa ndi mafakitale a m'chigawo chomwecho. Galimoto zoyendera pakhomo zimagwira ntchito m'matauni ndi m'madera owazungulira kumene nyumba zayandikana. Kwina konse anthu amagwiritsa ntchito malo osonkhanitsira. Mabini a matayala adafika mu 2016, patapita zaka zoposa 25, fakitale ndi ogula zili kale m'malo.

Ndondomeko imeneyi ndiyo khonsolo iliyonse ya kumidzi iyenera kutsata. Iyambe ndi kalata yosainirana ndi fakitale yosankha, yonena mtengo pa tani, mndandanda wa zinthu zolandiridwa, malire a zosafunika, chindapusa chikapyola malirewo, ndi amene adzayeze katunduyo pakabuka mkangano. Mgwirizanowu ukhale wa zaka zingapo, pakuti bini ya zaka 10 yokhala ndi mgwirizano wa chaka chimodzi ndi ngongole yodikira tsiku. Kenako atenge mapu n'kuwerenga nyumba pa kilomita iliyonse ya msewu, ndipo dalaivala wodziwa ntchito ayende njirazo ndi galimoto yeniyeniyo nyengo ya matope isadathe. Pamenepo ndi pamene malire aoneke: apa mabini, apo malo osonkhanitsira.

Malo osonkhanitsira abwino amaikidwa pamene anthu amapita kale, monga pamalo otayira zinyalala wamba, pafupi ndi sitolo yaikulu kapena pa msewu wopita ku tauni, kuti ulendo ukhale umodzi. Amakhala ndi mpanda, geti, nthawi yodziwika yotsegulira kuphatikizapo Loweruka, ndi makontena osiyana a makatoni, mapepala, zitini, pulasitiki ndi galasi. Pakamwa pa kontena iliyonse pakhale molingana ndi chinthu chake: kampata kopyapyala ka makatoni ophwatalala, kabowo kozungulira ka mabotolo, kuti thumba la zinyalala lisalowe. Chachikulu n'chakuti pakhale munthu. Malo opanda woyang'anira amasanduka mtaya wa matiresi, matayala ndi mafiriji, ndipo makhonsolo ambiri adawatseka pa chifukwa chimenechi. Woyang'anira amaona katundu asadalowe, amaphunzitsa munthu pamaso, ndipo amalandira padera mabatire ndi mafuta a injini otha ntchito. Malo ang'onoang'ono angapo amatumiza katundu ku malo amodzi apakati okhala ndi makina omangira mabelo, ndipo lole yaikulu imanyamuka pokhapokha yadzaza matani pafupifupi 20. New Mexico, dera lalikulu la ku America la anthu omwazikana, lidakonza ntchito yake ya kumidzi motere. Kunyamula makatoni osapanikiza mtunda wautali ndi kulipira mafuta onyamulira mpweya.

Pali funso la chilungamo limene silingazembedwe. Wa kumudzi amalipira msonkho ngati wa m'tauni. Bwanji wina galimoto imufikire pakhomo, wina anyamule yekha? Funsoli ndi lolemera, makamaka kwa okalamba ndi olumala amene sayendetsa galimoto. Kwa amenewa khonsolo ikhale ndi kaundula ndi kagalimoto kakang'ono kowayendera pa masiku oikika. Koma kwa ena onse, chosowa chachikulu cha banja la kumudzi si bini ya buluu. EPA imanena kuti kuwotcha zinyalala kuseri kwa nyumba ndiye gwero lalikulu lodziwika la poizoni wa dioxin mu mpweya wa ku America, chifukwa moto wa m'diramu sutentha mokwanira ndipo utsi wake umagwera pa ndiwo za m'dimba ndi msipu wa ng'ombe. Ndalama imene ikadathera pa dizilo woyendera makatoni ikadatsitsa mtengo wotayira zinyalala wamba, anthu n'kusiya kuwotcha. Chimenecho ndicho chilungamo chimene chingafike m'mapapo a ana a m'deralo.

Oregon, chigawo china cha America, idazindikira kusiyana kumeneku kwa tauni ndi kumudzi kalekale. Lamulo lake la 1983 lidalamula kutolera pakhomo m'matauni a anthu 4,000 kapena kuposa, kwina n'kusiyira malo osonkhanitsira. Mu 2021 idakhazikitsa lamulo lina loti makampani opanga ndi ogulitsa katundu wa m'mapaketi azilipira gawo la ntchitoyi, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu July 2025. Mwa zina, ndalamazo zimalipira mtengo wonyamulira katundu kuchokera ku madera amene ali makilomita oposa 80 kuchoka ku fakitale. Chigawo cha Maine chidakhazikitsa lamulo lofanana nalo chaka chomwecho cha 2021. Apa ndi pamene makhansala a kumidzi ayenera kuikapo mawu awo, chifukwa mtunda ndiwo umapha ntchitoyi, ndipo khonsolo yaing'ono singaulipire yokha.

Kumene nyumba zayandikana mokwanira ndipo mabini agulidwadi, pali zoti zilembedwe mu tenda. Bini igwirizane ndi dzanja la galimoto imene ilipo, potsata muyezo wa ANSI Z245.60, chifukwa bini yosagwirizana imaterereka n'kugwera m'galimoto kapena kung'ambika m'mbali. Iliyonse ikhale ndi nambala yosindikizidwa pa thupi lake ndi kachipangizo ka RFID, kamene makina a pa galimoto amakawerenga pozindikira biniyo, kolembetsedwa ku adiresi, osati ku dzina la munthu, kuti wosamuka aisiye ndiponso khonsolo idziwe nyumba zimene zikutulutsa. Zithunzi za zinthu zololedwa zisindikizidwe m'chivindikiro momwemo popanga. Zomata zimasuluka ndi dzuwa. Pakhale ya malita 240 kwa okalamba ndi mabanja aang'ono amene yaikulu ingawalemere. Nyumba ilandire bini ya buluu pokhapokha yasonyeza kuti ili ndi njira yotayira zinyalala wamba. Uthenga ufike pakhomo sabata zingapo bini isadafike, ubwerenso pamodzi ndi biniyo, ndipo ndalama yophunzitsira anthu ikhale mu bajeti ya chaka chilichonse. Wogulitsa apereke zivindikiro, matayala ndi mapini apadera pa oda yoyamba yomweyo, pakuti zimenezi ndizo zimayamba kuthyoka, ndipo pakhale wantchito wodziwika amene udindo wake ndi kukonza ndi kusintha mabini owonongeka pasadathe sabata ziwiri munthu atadandaula.